Mano anazula bwino, koma za mlomo sanatiuze

Chipatala cha ziweto chomwe chinazula mano a mphaka wathu kuno ku Johannesburg ndachipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Pa ntchito yozulayo ndilibe nawo chifukwa. Nyenyezi imodziyo ndawamana chifukwa cha zimene sanatiuze tsiku lomwe tinkamutenga.

Mphaka wathu ndi wachikulire, ndipo anali ndi vuto lija lakuti dzino limadyeka lokha pang'onopang'ono, limene madokotala amalitchula kuti tooth resorption. Mwa mano 30 amene mphaka wamkulu amakhala nawo, anamuzula angapo a kumbuyo pamodzi ndi dzino limodzi lalitali losongoka la m'mwamba. Asanamugonetse anamuyeza magazi kuti aone mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito. Anajambula X-ray asanazule, n'kujambulanso atazula, ndipo adokotala anationetsa pa kompyuta kuti palibe kachidutswa ka muzu kotsalira. Apa ndiye ndinawakhulupirira, chifukwa mizu ya mano a mphaka ndi yopyapyala, sichedwa kuthyoka, ndipo kachidutswa kakatsalira m'nkhama kakhoza kumusautsa kwa nthawi yaitali. Anatipatsa meloxicam wamadzi wochepetsa ululu, woyezedwa malinga ndi kulemera kwake, woti azimwa atadya. Namwino anatichenjeza mwamphamvu kuti tisayerekeze kumupatsa Panado, popeza mankhwala amenewa amapha mphaka ngakhale atamwa pang'ono. Ife anthu oti mutu ukangoti waa tathamangira Panado, mawu amenewa tinafunika kuwamva.

Nkhama zinapola m'masabata awiri monga ananenera, ulusi nawo unasungunuka wokha. Koma mphaka sanabwerere mwakale. Ankapalasa pakamwa ndi phazi lakutsogolo, kutafunira mbali imodzi atapendeketsa mutu, nyama n'kumagwa pansi. Pachibwano pankakhala ponyowa ndi dovu, ndipo ubweya wa pamsana unayamba kumangana chifukwa anali atasiya kudzinyambita. Nthawi zambiri mphaka salira akamamva kuwawa, amangokhala phee pakona, ndiye kumuona choncho kunkandidya mumtima. Nditaimba foni, amene anayankha anangoti tidikire, zimatero. Yankho limenelo silinandikwanire, ndipo ndikuona kuti nkhani yotere amayenera kuipititsa kwa adokotala pompo.

Titabwerera naye, adokotala anangotukula mlomo wa m'mwamba n'kutionetsa kachilonda kozungulira, kofiira psuu, mbali yomweyo imene anazula dzino lalitali. Anafotokoza kuti dzino limeneli ndi limene limakankhira mlomo kunja, ngati mzati wochirikiza khonde. Likachoka, mlomo umagwera mkati, ndiye mphaka akamatseka pakamwa dzino losongoka la m'munsi limaubaya pamalo amodzimodzi. Amphaka ena amazolowera okha, ena ayi. Choncho ululuwo sunkachokera pomwe anazula, unkachokera pa dzino labwinobwino lomwe linatsala.

Ndiye ngati zimenezi n'zodziwika, bwanji pa pepala la malangizo panalibe ngakhale mzere umodzi wonena za mlomo? Pepalalo linanena za chakudya chofewa, za magazi pang'ono m'malovu, komanso zoti mphaka akakana kudya masiku awiri tibwere msanga poopa matenda a chiwindi. Akanangowonjezera kuti tizitukula mlomo n'kumayang'ana, chilondacho tikanachiona chikadali chaching'ono.

Pokonza vutoli anachita zinthu mwaulemu. Kumuona kachiwiri sanatilipiritse. Anayamba ndi mankhwala ochepetsa ululu kuti aone ngati azolowere, ndipo zitakanika anamugonetsanso, n'kupala nsonga ya dzino la m'munsilo kuti isakhale yakuthwa, n'kuimata. Kugonetsa kwachiwiriko tinalipira tokha, ndipo ndalama zake sizinali zochepa kwa munthu amene amatumizanso kangachepe kumudzi mwezi ndi mwezi. Pano chilonda chinapola, akudya ndi mbali zonse, ndipo wayambanso kudzinyambita.

Ndingapitenso naye komweko mosakayika. Koma ngati wanu akukazulidwa dzino lalitali la m'mwamba, funsanitu asanamugonetse kuti la m'munsi alitani, ndiponso ngati mtengo womwe akutchulawo ukuphatikiza X-ray ya pambuyo pozula ndi ulendo wodzamuonanso.