Majombo a ku Narantuul ndi juzi ya kashimiya: ndemanga nditazivala nyengo yonse yachisanu

Ndinafika ku Ulaanbaatar, likulu la dziko la Mongolia, kumapeto kwa Okutobala nditavala nsapato zomwe ndinkadzitama nazo kumudzi kuno, ndipo sabata isanathe zala zakumiyendo zinali zitasiya kundimvera. Mzindawu ndi likulu lozizira kuposa malikulu onse padziko. Mu Januwale, usiku kumatha kufika madigiri 30 pansi pa ziro, ndiye amene amati ku Dedza kumazizira mu Juni angokhala chete. Mnzanga wa kuntchito, mbadwa ya komweko, ataona mmene ndinkayendera ngati ndaponda minga, anangoti Loweruka tipite ku Narantuul.

Narantuul ndi msika waukulu kwambiri mumzindamo, chakum'mawa kwa pakati pa tauni. Eni ake amautchanso Khar Zakh, kutanthauza msika wakuda, koma musaope dzinalo, ndi msika wololedwa ngati wina uliwonse. Muli chilichonse: zishalo za akavalo, mbaula zachitsulo, makapeti, nsalu zonyezimira zosokera mkanjo wawo wotchedwa deel, ngakhale mitengo ndi zitseko zomangira ger, nyumba yawo yozungulira ija. Munthu utha kulowa chimanjamanja n'kutuluka ndi nyumba yathunthu. Aliyense anandichenjeza za opisa m'matumba, choncho ndalama ndinaziika m'thumba lamkati mwa jekete ndipo palibe chinandichitikira. Tengani ndalama zapamanja, ma tögrög, makamaka timapepala tating'ono, chifukwa pepala lalikulu la 20,000 pena limavuta chenji pa kanthu kochepa.

Chimene ndinapitira ndi majombo. Pali achikhalidwe otchedwa gutal, aja okhota kutsogolo ngati bwato, okongoletsedwa mochititsa kaso. Ndinawayesa, ndinawakonda, koma kuyenda nawo mumsewu wamumzinda kunandikanika. Ndi olimba ndipo anapangidwira munthu wokwera kavalo. Ndinatenga ena wamba achikopa, ofika m'munsi mwa bondo, okhala ndi ubweya wa nkhosa mkati. Mayi amene ankagulitsa anakana kundipatsa saizi yanga. Anandilozera masokosi okhuthala a ubweya wa ngamila, n'kundiuza ndi manja kuti ndivale kaye amenewo ndiyeno ndiyese saizi yokulirapo. Ndinaganiza kuti ndi machenjera ofuna kundigulitsa zinthu ziwiri. Ndinalakwa. Jombo ikathina, magazi sayenda bwino ndipo phazi limazizira ngakhale ubweya uchuluke bwanji. Mpata wotsalawo ndi umene umasunga kutentha.

Majombowo ndawavala pafupifupi tsiku lililonse kuyambira Novembala mpaka Malichi. Msoko sunatumbuke paliponse, chikopa sichinang'aluke ngakhale chisanu cha kumeneko chimaumitsa zinthu mpaka kuthetheka. Podikira basi mphindi makumi awiri, nkhope inkachita kuwawa ngati akukucheka ndi lezala koma mapazi ali phee. Vuto lake ndi kunsi. Pamadzi oundana omwe apondedwapondedwa mpaka kusalala, amaterera, ndipo ndinagwa chagada kawiri anthu akuona. Wosoka nsapato wina anandimatira labala wamanomano ndipo zinasintha. Fungo la nkhosa nalo linatenga masabata angapo kuti lichoke. Kwa ine ndi nyenyezi zinayi mwa zisanu. Masokosi a ngamila, zisanu zonse: amayabwa tsiku loyamba, kenako amafewa, ndipo sanunkha msanga ngati a nayiloni.

Pa nkhani yonenerera mtengo, musapite ndi mtima wa pa kaunjika wa ku Limbe, woyamba kutchula theka la mtengo kenako n'kumayerekeza kuchoka. Ndinayesa, mayi aja anangondiyang'ana n'kubwezera jombo pamalo pake, osandiitananso. Amatsitsa pang'ono chabe, makamaka ukagula zinthu zingapo. Chimene chinandisangalatsa n'choti chenji amakupatsa ndi dzanja lamanja, lina litagwirizira m'chigongono, monga tinaphunzitsidwira kwathu polandira chinthu kwa wamkulu. Ndipo m'chipwirikiti cha mumsikamo, wina akakuponda phazi amakugwira chanza nthawi yomweyo. Koyamba ndinadzidzimuka, ndimayesa akufuna wotchi.

Kashimiya, ubweya wofewa wa mbuzi, ndiye ndinagula kawiri, ndipo koyambako ndinapusitsidwa ndi dyera langa lomwe. Pakabenchi kena m'mbali mwa msewu, kutali ndi msika, ndinapeza sikafu yofewa yolembedwa kuti ndi kashimiya weniweni, mtengo wake wosekesa. Nditaichapa kamodzi inatuluka timibulu paliponse, ndipo ndikamavula inkathetheka timoto ngati bulangete lotchipa. Mnzanga uja anazula kaulusi n'kukayatsa: kanasungunuka n'kuuma ngati pulasitiki. Ubweya weniweni umapsa ngati tsitsi, n'kusiya phulusa lofumbutuka. Phunziro lija ndinalilipira ndekha.

Kachiwiri ndinapita kusitolo ya Gobi, kampani yomwe yakhala ikupanga zovala za kashimiya kuyambira 1981. Kashimiya ndi ubweya wofewa wamkati wa mbuzi, umene abusa amaupesa chisanu chikamatha, ndipo mbuzi imodzi imapereka wochepa kwambiri pachaka, moti juzi imodzi imadya ubweya wa mbuzi zingapo. Mongolia ndi yachiwiri kwa China pa ubweya umenewu. Ukadziwa zimenezi, sikafu ya mtengo wa mbale ya chakudya imayenera kukukayikitsa. Juzi imene ndinagula inandipweteka m'thumba, sindinama, koma ndi yopepuka ngati palibe chimene wavala pomwe ikufunda kuposa majuzi awiri wamba. Patatha miyezi isanu, timibulu tatuluka m'khwapa mokha momwe mkono umakhuza, ndipo timachoka ndi kachipeso. Ndimaichapa pamanja m'madzi ozizira n'kuiyanika chogoneka pathaulo. Mukaipachika pachingwe italemera ndi madzi, idzatalika ngati diresi.

Mphatso za abale ndinakagula ku State Department Store, imene eni ake amangoti Ikh Delguur, pamsewu wa Peace Avenue. M'nsanjika zam'mwamba muli masilipasi a ubweya wa nkhosa wotsenderedwa, zipewa, tizikwama tachikopa ndi tizidole ta ger. Mitengo ndi yokwera kuposa kumsika, koma yalembedwa, muli kotentha, ndipo khadi la kubanki limagwira. Kwa munthu wa tsiku limodzi, n'kokwanira. Zinthu zakale zenizeni zisiyeni: kutulutsa zamakedzana m'dzikomo kumafuna chilolezo, ndipo mafupa a dinosaur ndi mlandu weniweni.

Pa zakudya, madzi a chipatso chachikasu chowawasa chotchedwa chatsargana ndinawakonda kwambiri, amandikumbutsa bwemba. Aaruul, chambiko chouma gwa, ndinagula thumba lathunthu mwaphuma ndisanalawe. Kakang'ono kamodzi ndinakamung'unya theka la ola, dzino litatsala pang'ono kutsalira pomwepo. Ana a kumeneko amachidya ngati switi. Ana a mchemwali wanga analawa n'kuthamangira panja kukalavula.

Majombo ndinabwera nawo ngakhale anadya theka la sutikesi. Ndawavala kamodzi kokha chibwerereni, pamaliro usiku mu Julayi, ndipo pofika pakati pausiku ndinali nditawavula thukuta lili kamukamu. Masokosi a ngamila aja anatenga ndi amayi, akuti amawathandiza nyamakazi, ndipo sakufuna kumva zobweza.