Mabuku a kaunjika pa Kamuzu Road: ndapezako zachikondi za anthu akuluakulu

Ine nkhani zachikondi ndimazikonda, sindichita nazo manyazi olo mwana wanga woyamba ali Fomu 4. Koma zomwe ndinkapeza zinali zija za mtsikana wosauka wakumana ndi bwana wa ndege yakeyake, akangana masamba 150, kenako ukwati, basi buku latha. Eee ukwati ndiye pothera? Ife a m'banja tikudziwa kuti pamenepo mpamene zimayambira.

Pafoni ndinayesako, Wattpad ndi zija anthu amalemba pa Facebook gawo ndi gawo, zina nzokoma ndithu koma bandulo imatha usanafike pakati ndiye wolembayo akangotanganidwa nkhani imafera panjira, ine mpaka lero ndikudikirabe gawo 23 la nkhani inayake.

Mnzanga wa ku Senga Bay ndi amene anandilozera madala ena ogulitsa mabuku pakhonde la shopu pa Kamuzu Road pano pa Salima. Malowo musayembekezere zambiri, ndi tebulo limodzi ndi makatoni, fumbi la makabaza ndi dzuwa lathu lino moti zikuto zina zinachita kuyereratu. Pamwamba amaika a sukulu poti ndi amene amayenda malonda. Manovelo ali m'katoni ya pansi, umachita kunjuta.

Chandilembetsa ndi eni akewo, amawerenga zomwe akugulitsa. Nditati ndikufuna zachikondi anayamba kunditulutsira a Mills & Boon, akuti kampani yake inayamba 1908 ku London ndipo amalembedwa dala kuti athere pabwino. Ndinapukusa mutu. Anatulutsa timabuku ta Pacesetters tija a Macmillan anayamba kusindikiza mu 1977, tolembedwa ndi anthu a kuno ku Africa, mtima unangoti phwii kukumbukira mmene tinkabisira pansi pa desiki ku sekondale, koma tambiri mwa ito ndi ta anyamata ndi atsikana. Ndiye anandiyang'ana nkuti, "Mayi, inu mukufuna za anthu oti anayamba alirapo." Ndinaseka koma anandigwira mtima.

Anandipatsa lina lachingerezi lopanda chikuto, dzina silikuonekanso. Muli mwamuna ndi mkazi okhalitsa m'banja, bamboyo ntchito yatha koma m'mawa uliwonse akumangabe tayi kuti mkazi asadziwe, mayiyo akudziwa kale koma wangoti duu akuwalongedzerabe chakudya chamasana. Mulibe mfiti, mulibe woipa woti umude, onse akulakwa ndipo onse ukuwamvera chisoni. Ndinaliwerenga ndi tochi magetsi atazima, abambo akunyumba akufunsa kuti ukufwenthera chani usiku uno, ine ndinangoti ndi chimfine.

Kusankha kwawo anandiphunzitsako. Akuti usamaone chikuto, tsegula pakati uwerenge pamene awiriwo akukangana. Ngati akukangana za ndalama, za ana, za apongozi, tenga. Ngati akungokangana chifukwa wina anamva theka la nkhani pakhomo nkuthawa, lisiye. Anandiuzanso kuti ndikaona aja a zikuto za olenji, African Writers Series ya Heinemann imene inayamba 1962, ndisamawadutse ngati a mayeso chabe, ena muli mabanja enieni.

Zodandaulitsa ziliponso. Buku lachiwiri lomwe ndinatenga masamba omaliza anadya chiswe, ndinabwerera nditapsa mtima, anapepesa nkundifotokozera mathero pakamwa, koma sizofanana. Muziona kaye kumapeto musanalipire. Ndalama amafuna ya pamanja, za pafoni ayi, ndipo Lachisanu masana simuwapeza amakhala kumzikiti. Mtengo si woopsa, sufika patali ndi wa mbale ya chipisi, komanso ukabweza lomwe wamaliza umangowonjezera pang'ono nkutenga lina.

Chimene chikundiwawabe ndi Chichewa. A Chichewa omwe ali nawo ndi a sukulu basi. Ine ndikufuna nkhani ya mkamwini amene watopa kukhala kwa akazi ake koma amawakonda, ya mayi amene amuna ake ali ku Joni chaka chachisanu ndalama ikubwera koma foni yayamba kuchepa, ankhoswe akungoti pirirani. Ndinawafunsa madalawo, anati akapita kukapikula ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi akandifufuzira, ndasiya kale dzina langa pachikatoni.