Imelo yabodza inandidyera R6,200 usiku umodzi

Sabata yathayi mlongo wanga ananditumizira chithunzi cha imelo yomwe analandira. Imanena kuti pali ndalama zake zochokera kunja zomwe zaimitsidwa, ndipo alipire kangachepe kuti zimasulidwe. Anali atakondwa kale, poganiza kuti ndatumiza ndine. Thupi langa linachita tsemwe, chifukwa msampha womwewo, wongotcheredwa mwina, unandikola kuno ku Joni chaka chatha. Ndakhala ndikubisa nkhaniyi chifukwa cha manyazi, koma lero ndiinena yonse.

Linali Lachisanu lakumapeto kwa mwezi. Masana ndinatumiza R1,500 kwa abale kudzera pa app yomwe ndaigwiritsa ntchito kwa zaka zitatu popanda vuto. Cha m'ma 9 koloko usiku, nditatopa, batire la foni lili pa 11%, kunalowa imelo. Chizindikiro cha kampani chinali pamwamba, mitundu yake yomweyo, ngakhale timalemba tating'ono ta m'munsi tonena za chinsinsi cha kasitomala tinalipo. Inati ndalama zomwe ndatumiza zaimitsidwa chifukwa akukayikira akaunti yanga, ndipo ndikapanda kutsimikizira kuti ndine mwini wake pasanathe maola 24 aitseka. Pa WhatsApp panali kale mauthenga anayi: "Achimwene, sizinafiketu." Ndalamazo zinangochedwa pang'ono, zinafika m'mawa wake. Akubawo sankadziwa n'komwe kuti ndatumiza kanthu. Imelo imodzimodziyo amaimwaza kwa anthu ambirimbiri, podziwa kuti pakutha pa mwezi ena mwa iwo akhala atatumizadi ndalama ndipo mtima uli m'mwamba.

Ndinadina batani. Tsamba lomwe linatseguka silinasiyane ndi lenileni. Ndinalemba pasiwedi, nambala ya khadi, tsiku lothera khadilo, ndi manambala atatu akumbuyo aja. Kenako linati pakufunika R15 yokha yotsimikizira, yomwe ibwezedwa pasanathe maola 24. Ndani angakangane ndi R15? SMS inalowa yokhala ndi manambala asanu ndi limodzi a OTP, manambala achinsinsi ogwira ntchito kamodzi kokha omwe banki imatumiza kuti muvomereze kulipira. Ndinangowaona pamwamba pa sikirini n'kuwalemba. Tsambalo linazungulira pang'ono n'kunena kuti nthawi ya manambalawo yatha, ndilembe atsopano. SMS yachiwiri inalowa, ndinalembanso. Nditatsegula ma SMS awiriwo patapita mphindi khumi, ndinapeza kuti banki inali italemba poyera: yoyamba inali yovomereza kugula zinthu za R3,900, yachiwiri za R2,300. Mawu onse analipo. Ine ndinangothamangira manambala.

Apa mumvetsetse, chifukwa ambiri amaganiza kuti akuba amathyola banki. Ma SMS aja anali enieni, ochokera kubanki yanga. Pamene ndinkalemba nambala ya khadi patsamba labodza, munthu wina kwinakwake ankaikopera nthawi yomweyo pasitolo yeniyeni ya pa intaneti. Banki inandifunsa ngati ndikuvomereza, ine ndinatenga yankho n'kupatsa wakubayo m'manja. Ukathyali umenewu amautcha phishing, kuchokera ku mawu a Chingerezi otanthauza kuwedza nsomba, ndipo dzinali linayamba m'zaka za m'ma 1990 pamene akuba ankanyengerera ogwiritsa ntchito America Online, kampani ya intaneti ya ku America, kuti aulule mapasiwedi awo. Nyambo yangosintha mtundu, mbedza ndi yomweyo.

Kubanki anandilandira bwino, anatseka khadi, anandiuza kuti ndikatenge nambala ya mlandu kupolisi, n'kulonjeza yankho pasanathe masiku khumi ogwira ntchito. Yankho linabwera patatha masabata asanu ndi limodzi, kalata ya mizere inayi: popeza OTP ndinapereka ndekha, sabweza kanthu. Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri ndi sitetimenti. Popeza katunduyo anagulidwa kunja kwa dziko, anandidulanso R170 ya kusintha ndalama. Khadi latsopano R140. Ndiye kuti ndinalipirira kuberedwa kwanga komwe! Zonse pamodzi R6,510. Nanga R15 yoti ibwezedwa ija? Musandifunse.

Uchitsiru wanga sunathere pamenepo. Ndinadandaula m'gulu lina la pa Facebook, ndipo tsiku lomwelo munthu wina anandilembera kumbali kuti iye ndi katswiri wobweza ndalama zobedwa pa intaneti. Anatumiza zithunzi za anthu omuthokoza, anati ntchito itenga maola 48, ndingoyamba ndamupatsa R900. Ndinakongola ndalamayo kwa mnzanga n'kupita nayo kwa ejenti wotumiza ndalama. Pakauntala panali mayi wina wachikulire. Anandifunsa ngati munthu amene ndikumutumizirayo ndinamuonapo ndi maso. Nditawafotokozera, anakankhira ndalamazo kwa ine n'kunena kuti, "Mwana wanga, izi sinditumiza. Amene anakubera ndi amene akufuna kukuthandizayu akhoza kukhala munthu mmodzi." Mayiwa amadya komishoni pa ndalama iliyonse yotumizidwa, koma anataya yawo, n'kuimitsa mzere kuti aone foni yanga.

Anatsegula imelo ija n'kudina padzina la wotumiza. Dzina linali la kampani, koma adilesi yomwe inatulukira pansi pake inali ina, yodzaza manambala. Dzina aliyense angathe kulemba lomwe wafuna. Kenako anakanikiza chala pabatani lija osachotsa, mpaka linki yonse inaonekera osatseguka. Anandionetsa kuti mwini tsamba amadziwika ndi mawu omwe ali kumapeto, pafupi ndi kamzere kopendekera (/) koyamba kobwera pambuyo pa https://. Dzina la kampani linaikidwa kumayambiriro kungondiphimba m'maso. Ena amasinthanso chilembo chimodzi, r ndi n zoyandikana kuti zioneke ngati m, kapena nambala 1 m'malo mwa l. Pafoni yosweka sikirini ngati yanga simungaone. Ndinadziteteza kuti adilesiyo inayamba ndi https, ndiye ndinayesa kuti ndi yotetezeka. Zimenezo zimangotanthauza kuti zomwe mukulemba sizikuwerengedwa panjira, sizinena kuti amene akuzilandira ndi ndani. Ziphaso zopangitsa tsamba kukhala ndi https zimapezeka zaulere, akuba nawonso ali nazo, ndipo mu 2023 Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti, inachotsa kachithunzi ka loko komwe kankaoneka pambali pa adilesi ya https chifukwa anthu ankakamva molakwika.

Tsopano inu abale anga otsala kumudzi. Lekani maloto akuti kuli ndalama zanu zomwe zaima penapake zikudikira kuti muzimasule. Ndani anakutumizirani? Ngati ndi ine, bwenzi nditakuimbirani. Amene akukupatsani ndalama sayamba wakupemphani ndalama, ndipo polandira ndalama sipafunika PIN yanu, pasiwedi kapena OTP. Imelo ikanena kuti akaunti yanu yavuta, musadine chilichonse m'kati mwake, musaimbe nambala yomwe yalembedwamo, musatsegule chikalata chomatidwapo. Itsekeni, mutsegule app yeniyeni nokha. Vuto likakhalapodi mulipeza mmenemo. Wina akakuuzani pafoni kuti muike pulogalamu yoti akuthandizeni ali kutali, dulani foniyo, akufuna kuona sikirini yanu. Ndipo chonde, ndalama zikachedwa ola limodzi, lekani kutiwotcha ndi mauthenga. Phuma lomwe mumatipatsalo ndi lomwe akuba amadalira.

Ngati mwadina kale, musagone. Imbirani banki panambala yomwe ili kumbuyo kwa khadi, atseke khadilo. Sinthani pasiwedi ya imelo yanu poyamba, chifukwa amene wagwira imelo amatha kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse. Ine ndinali ndi pasiwedi imodzi paliponse, ndipo nditafufuza ndinapeza kuti anaika lamulo mu imelo yanga lobisa makalata onse ochokera kubanki. Yang'anani zimenezo, kenako yatsani chitetezo cha magawo awiri, chomwe chimafuna pasiwedi komanso nambala yobwera pafoni yanu musanalowe. Sungani imeloyo ndi ma SMS ngati umboni wakupolisi.

Mlongo wanga ndinamuuza kuti adine padzina la wotumiza andiwerengere zomwe akuona. Inali adilesi ya Gmail yaulere, yothera ndi manambala asanu. Anaifufuta imeloyo monyinyirika, n'kundifunsabe kawiri ngati ndikutsimikizadi kuti ndalamazo kulibe.