Ceramic coating pa Mark X yakuda: ndemanga yanga patatha zaka ziwiri

Ndinapakitsa ceramic coating, mankhwala amene amauma n'kukhala kachikopa koteteza penti, pa galimoto yanga mu May 2023, koma ndinachita dala kudikira kuti mvula igwe nyengo ziwiri ndisanalembe ndemangayi. Ndikanalemba tsiku limene ndinakaitenga ndikanakunamizani, chifukwa tsiku limenelo ndinali ngati mwana amene amugulira nsapato za Khirisimasi, nditangoima chapatali n'kumayang'ana mitambo ikuoneka pa boneti ngati pa kalilole.

Galimoto yake ndi Toyota Mark X yakuda bii, penti wa nambala 202, yochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe monga zimabwerera zambiri. Ndimakhala ku Lilongwe, ndipo kamsewu kofika pakhomo panga n'kadothi. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, ukangotsuka m'mawa, pofika masana fumbi lofiira lakhala kale pa buti moti ungalembepo dzina ndi chala. Mayi akunyumba ali ndi ka Vitz koyera kamene sikanapakidwepo coating, ndiye ndakhala ndi mwayi woyerekeza ziwirizi pabwalo limodzi, dzuwa lake lomwelo, fumbi lake lomwelo.

Ndisanapakitse ndinali munthu wa wax. Ife timangoti polishi zonse, koma pali kusiyana: kupolisha ndi mashini kumapala penti pang'ono kuti asalale, pamene wax amangokhala pamwamba osapala kanthu. Wax amene ndinkagula anali wa carnauba, phula lochokera m'masamba a mtengo wina wonga mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Palokha phulali ndi lolimba, limasungunuka pa madigiri opitirira 80, koma lam'chitini analisakaniza ndi mafuta kuti lipakike, ndiye silipirira motero. Boneti yakuda ikakhala pa dzuwa la October imatentha moti sungaikepo dzanja, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi wax yense anali atapita. Nthawi yozizira ankafikako miyezi iwiri. Kukongola kwake sindingakutsutse ayi. Carnauba pa galimoto yakuda amaoneka ngati penti wanyowa, kuwala kwake n'kofewa, kozama. Koma Loweruka limodzi pamwezi linkathera pamenepo, mkono uli wawawa, ndipo ndikangopita nayo kotsukitsa kumene amagwiritsa ntchito sopo wa ufa wochapira zovala, thukuta langa lonse linkatsikira mu ngalande.

Ndiye mnzanga wina atandilozera malo ena opaka coating m'tauni momwemu, sindinavute. Mwini malowo anandilandira ndi mawu okoma. "Bwana, iyi ndi permanent. Ndi 9H iyi, ngakhale kiyi singakande. Mukapaka basi mwaiwala za polishi." Mtengo wake unali wofanana ndi matayala anayi atsopano abwino ndithu. Mwayi wanga unali woti ndinalipira kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu November 2023, chifukwa mankhwalawa ndi oitanitsa kunja ndipo lero mtengo wake ndi wina.

Galimoto inakhala kumeneko masiku atatu. Tsiku loyamba ndinakhalira pomwepo kuonerera, ndipo zimene ndinaona tsiku limenelo n'zimene zandiphunzitsa zambiri kuposa zonse. Atatsuka, anapopera mankhwala ena amene anasanduka apepo akuyenderera m'zitseko, akuti n'tizitsulo ta mabuleki timene timakanirira mu penti. Kenako anadutsitsa clay, kanthu konga dongo lofewa, kuchotsa phula la mumsewu ndi utomoni. Mnyamata wina anatenga kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti n'kumagunditsa malo ndi malo. Pa zitseko kankawerenga ma micron 110, 120 (milimita imodzi ndi ma micron 1,000), koma pa fenda ya kumbuyo kumanzere kanalumphira ku 260. Anandiyang'ana n'kuseka: "Achikulire, apa anaipentaponso ku Japan komweko." Chaka chonse ndikuyenda nayo sindinadziwe.

Atatero anamata tepi pakati pa boneti, n'kupolisha mbali imodzi yokha ndi mashini. Atachotsa tepi anazimitsa magetsi n'kuwalitsa tochi. Mbali yosapolisha inali ndi timizere tozungulira tambirimbiri ngati ukonde wa kangaude, penti akuoneka wotuwa. Mbali inayo inali bii, tochi ikuoneka kadontho kamodzi koyera. Apatu coating anali asanatsegule n'komwe botolo lake. Kunyezimira konse kumene anthu amajambula n'kuika pa Facebook kumachokera pa ntchito imeneyi. Chonona chifumira kudzira: akapaka coating pa penti wokandika, mikwingwirima ija imangotsekeredwa mkati n'kumaonekabe kwa zaka.

Coating yeniyeniyo inali m'kabotolo ka 50 ml, kochepa kuposa ka mankhwala a chifuwa. Anayamba apukuta galimoto yonse ndi spiriti kuchotsa mafuta a polishi, kenako timadontho pang'ono pa kansalu kokulungidwa pa siponji, kupaka kachigawo kakang'ono mopingasa ndi mowongoka, kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka paoneke ngati utawaleza, n'kupukuta. Mankhwala ake ndi a silica, chinthu chomwecho chimene chili mu mchenga ndi m'galasi, ndipo akauma amagwirana ndi penti n'kukhala kachikopa kolimba. Anandiuza kuti isanyowe kwa maola 24 ndiponso ndisaitsuke kwa sabata yathunthu. N'chifukwa chake ndi bwino kupakitsa mvula itatha, osati mu January.

Zabwino zake ndiziyamikira mosabisa. Kutsuka kunaphweka kwambiri. Matope ofiira a dzinja amene kale ankafuna kukhula ndi mphamvu, tsopano amangosereleka ukathira madzi. Mvula ikagwa madzi amakhala timibulu tozungulira, ndipo ukafika pa liwiro la 60 timathamanga tokha kuchoka pa boneti. Kuntchito ndimaimika pansi pa mtengo chifukwa cha mthunzi, ndipo zitosi za mbalame zinkandisiyira zipsera mu penti ndikachedwa tsiku limodzi lokha, poti zili ndi asidi. Panopa ndikapukuta madzulo ndi kansalu konyowa sipatsala kanthu, ngakhale ndaphunzira kuti kuzisiya masiku atatu padzuwa zimadyabe. Mtundu nawo sunafwifwe. Ma Mark X anzake opangidwa chaka chimodzi ndi yangayi ambiri madenga awo ayamba kutuwa, ena akusupuka, yanga idakali yakuda.

Koma za kiyi zija, iwalani. Patatha miyezi inayi ndinali pa changu, ndinaisiya pa car wash ina ya m'mbali mwa msewu. Ndikubwera ndinapeza mnyamata akupukuta chitseko ndi chisanza cha malaya akale chomwe anali atangopukutira ma rimu, akuviika mu ndowa ya madzi ofiira ngati thobwa. Ndinati, "Mphwanga, kansalu kameneko si ka matayala kodi?" Iye osatekeseka: "Ndakachapa bwana." Madzulo ndinatenga tochi ya pafoni, ndipo kangaude uja anali atayambanso kumanga pa zitseko zonse za kumanja. Mtima unandipweteka zedi. Nditafufuza ndinapeza kuti 9H ija ndi muyezo wa mapensulo, omwewa olembera, kutanthauza kuti pensulo yolimba kwambiri siikanda. Si muyezo wa miyala uja wa Mohs umene diamondi ali pa 10. Mchenga wa m'fumbi lathuli uli pa 7 pa muyezo wa miyalawo, ndipo umakanda ngakhale galasi. Komanso coating yonseyo ndi yopyapyala micron imodzi kapena ziwiri basi, pamene tsitsi limodzi la munthu ndi ma micron pafupifupi 70. Kanthu kotero sikangaletse mchenga wokhulidwa ndi chisanza.

Miyala ndiye musanene. Ulendo umodzi wa ku Kasungu nthawi imene ankakonza msewu wa M1, ndikutsatira lole pa kwale, bampala ndi mphuno ya boneti zinabwera ndi timabala toyera tisanu. Chimene chimateteza ku miyala ndi pulasitiki yomata ija amati PPF, yokhuthala ma micron pafupifupi 200, imene inayambira pa mapiko a ndege za helikopita za asilikali a ku America. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo mtengo wake ndi winanso.

Vuto limene sindinaliyembekezere n'komwe ndi madzi. Kwathu madzi a m'mipope akasiya timatunga pa mjigo, ndipo madzi a pansi amakhala ndi laimu wambiri. Timibulu tokongola tija tikauma padzuwa, kalikonse kamasiya kamkombero koyera, ndipo pa galimoto yakuda timaonekera patali. Wax akachita madontho otere umangochotsa n'kupaka wina. Pa coating, ukachedwa amalowerera, ndipo pa denga ndinachita kugula mankhwala apadera ochotsera. Tsiku lina mwana wanga anaithira madzi masana pofuna kundisangalatsa, n'kuisiya iume yokha. Ndinangoti zikomo mwanawe, koma Lamulungu lonse linathera pa denga limenelo. Panopa lamulo pakhomo ndi loti galimoto imatsukidwa m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, ndipo ipukutidwe nthawi yomweyo.

Panalinso kachilema ka opakawo. Pa chipilala cha pakati pa zitseko anaiwala kupukuta bwino, ndiye panatsala kachigamba kooneka ngati mafuta, kotalika ngati chala. Ndinakaona patatha sabata, katauma kale gwa. Sikachoka ndi sopo kapena spiriti, mpaka anachita kupolishanso ndi mashini n'kupakanso. Anakonza osandilipiritsa, apo ndiwayamike, ngakhale ndinayenda maulendo awiri ndisanawapeze. Apa m'pamene ndinamvetsa tanthauzo la permanent wawoyo: n'chinthu choti sungachichotse potsuka, osati choti sichitha. Nditawerenga bwino pepala la chitsimikizo limene anandipatsa, ndinapeza kuti limagwira ntchito pokhapokha uzipita nayo kwa iwo chaka chilichonse kuti akaione n'kuwonjezerapo mankhwala, molipira. Zimenezi pa tsiku lotsatsa malonda lija sizinatchulidwe.

Patatha chaka ndi theka, madzi anasiya kupanga timibulu pa denga ndi pa boneti, malo amene dzuwa limamenya kwambiri, pamene m'mbali zinali bwinobwino. Nditaitsuka ndi mankhwala ochotsa laimu ndi tizitsulo tija zinabwererako ndithu, kusonyeza kuti coating inalipo koma inakwiririka ndi litsiro, komabe sizinafike pa poyamba. Panopa miyezi itatu iliyonse ndimapopera ka spray ka silica pamwamba. Ndimadziseka ndekha, munthu amene anandiuza kuti ndaiwala za polishi.

Tsono ka Vitz kaja. Kameneko ndimapaka sealant, amene ndi mankhwala opangidwa ku fakitale, osati phula la mtengo. Ndimagwiritsa ntchito Fusso Coat ya kampani ya ku Japan ya Soft99. Pa chitini analemba miyezi 12, koma ine sindidikira kuti ikwane, ndimapaka kawiri pachaka, mu October mvula isanayambe ndi mu April ikatha. Ntchito yake ndi ya ola limodzi ndi theka pamthunzi, bola upake mopyapyala, chifukwa ukachulutsa imavuta kupukuta. Chitini chimodzi chatha zaka ziwiri ndipo sichinafike pansi. Madzi amathawa bwinobwino, matope savuta, ndipo poti n'koyera, timizere ndi madontho a laimu sizioneka pokhapokha uchite kuwerama. Kunena zoona, ukaziimika pamodzi Loweruka zitatsukidwa, Mark X imaposa, koma siposa ndi mtengo wa matayala anayi. Mayi akunyumba amakonda kundikumbutsa zimenezi. "Abambo, inu ndi tochi yanuyo usiku. Ine kanga ndimangokwera."

Pa nyenyezi zisanu ndipereka zitatu. Ntchito yopolisha ija payokha ndingaipatse zisanu, coating zinayi, malonjezo a wogulitsa imodzi. Ngati galimoto yanu ndi yakuda kapena ya mtundu wina wodera, mukufuna kukhala nayo zaka zambiri, ndipo mumatsuka nokha kapena muli ndi munthu mmodzi amene mungamuphunzitse, pakitsani, koma funsani kaye ngati mtengowo ukuphatikiza kupolisha, funsani dzina la mankhwala ake muone botolo ndi maso, ndipo akuonetseni ndi tochi asanapake. Amene akuti amaliza zonse mu maola atatu, mutembenuke. Ngati galimoto ndi yoyera kapena yasiliva ndipo imatsukidwa paliponse pamene mwaima, ndalamazo gulani sealant ndi nsalu zabwino za microfibre, zotsalazo muthire mafuta.

Ine ndinagula ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto, ina yotsukuluzira, ndipo nsalu za ma rimu ndinasankha zofiira kuti zisasokonekere ndi za penti. Mnyamata amene amatithandiza pakhomo anayamba ndi kuseka kuti galimoto ikusamba kuposa mwini wake, koma pano ndi iyeyo amene amandiletsa ndikafuna kupukuta fumbi ndi nsalu youma. Timizere ta pa car wash paja tikadalipo pa zitseko za kumanja. Kuti tichoke n'kupolishanso, ndipo kupolishako kuchotsa coating ya pamenepo pamodzi ndi ma micron angapo a penti, ndiye ndatisiya kaye mpaka chaka chamawa.