Mwanabere: bowa wa lingzhi kapena kuchipatala?

Lingzhi ndi bowa wofiirira, wolimba ngati thabwa, ku China amamuwiritsa n'kumamwa madzi akewo, kuwawa kwake ndiye osanena. Kuchipatala amayamba ayeza kaye kuti chatupitsa mwanabereyo n'chiyani.

Mtengo: makapusozi a lingzhi ndi odula ndipo botolo likatha mugulanso. Chipatala cha boma ku Malawi kuyeza TB ndi HIV ndi ulere, mankhwala omwe.

Zotsatira: palibe umboni woti lingzhi amaphwetsa mwanabere. TB ya m'khosi, yomwe imatha kutupitsa mwanabere, imatha ndi mankhwala a miyezi 6.

Komanso bowayu amatha kuchedwetsa magazi kuundana, amene mukumwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) musayerekeze.

Lingzhi ndi wa munthu woti ali bwinobwino. Koma mwanabere wolimba, wosapweteka, wadutsa masabata 2 osaphwa, kwinaku thukuta usiku ndi kuonda, chonde pitani kuchipatala msanga, ikhoza kukhala TB kapena khansa.