Hafu ya karati, 0.7 mpaka 0.9, kapena karati yathunthu: dayamondi pa mphete yovala tsiku lililonse

Mchemwali wanga ndi namwino ku Birmingham, ndipo mphete yake ya chitomero, yokhala ndi mwala wa dayamondi wa karati imodzi, imagona m'kabokosi masiku ambiri pa sabata. Zipatala za boma za ku Britain, za NHS, zimalola ogwira odwala kuvala mphete imodzi yosalala yopanda mwala, chifukwa mwala umasunga litsiro m'ngodya zake komanso umang'amba magolovesi. Mwala wa pa mphete yanga ndi wa karati 0.7 ndipo wakhala pa chala zaka 6, pochapa, pophika, pokwera minibasi. Anzanga okonzekera chinkhoswe akamandifunsa kuti mwala ukule bwanji, ndimayamba ndi funso lina: manja amene adzavale mpheteyo amagwira ntchito yanji kuyambira m'mawa?

Tiyambe ndi chimene chimasokoneza ambiri m'sitolo. Karati ndi muyeso wa kulemera, osati kukula. Karati imodzi ndi magalamu 0.2. Maso saona kulemera, amaona mulifupi wa pamwamba. Mwala wozungulira wodulidwa bwino wa hafu ya karati umakhala pafupifupi mamilimita 5.1 m'mimba mwake, wa 0.7 pafupifupi 5.7, wa 0.9 pafupifupi 6.2, wa karati imodzi pafupifupi 6.5. Ndiye mukalipira kulemera kowirikiza kawiri, pa chala mwawonjezera mamilimita osakwana awiri. Kwina konse kwapita pansi, m'chiuno mwa mwala, momwe palibe amaona.

Wa hafu ya karati ndi wa manja otanganidwa. Ndi wamfupi, pafupifupi mamilimita 3 kuchoka kunsonga ya pansi kufika pamwamba, choncho wosula akhoza kuukhazika pafupi ndi khungu. Sukodwa pa juzi, sukanda mwana pomusambitsa, ndipo mwiniwake amaiwala kuti wavala. Pa chala chowonda umaoneka wokwanira ndithu. Vuto lake limabwera pa chala chonenepa kapena pa mphete yamkombero waukulu, pomwe umatha kuoneka ngati wasochera. Mankhwala ake ndi mkombero wowonda, kapena timiyala ting'onoting'ono touzungulira, koma timiyalato timafuna kuyang'aniridwa chifukwa ndito timayamba kugwa.

Wa karati imodzi ndi umene anthu ambiri amaulota, ndipo sindikutsutsa kuti ndi wokongola. Koma mtengo wa dayamondi sukwera pang'onopang'ono ngati wa shuga pa sikelo. Umalumpha pa manambala amene ogula amakonda kutchula, makamaka pa 0.5 ndi pa 1.0, chifukwa ogulitsa amawerengera mtengo pa karati ndipo mtengo wa karatiwo umasintha mukadumpha malire amenewo. Palinso msampha wina: odula ena amasiya mwala wonenepa m'munsi kuti sikelo ifike pa 1.00. Mwala wotero umalemera karati koma pamwamba ndi wopapatiza, ndipo kuwala kumathawira pansi m'malo mobwerera m'maso. Wa karati imodzi ndi wautalinso, pafupifupi mamilimita 4, ndiye ukakhala pa zikhadabo (timano ta chitsulo togwira mwala) zazitali ngati za mtundu umene kampani ya Tiffany inatchukitsa mu 1886 umatuluka kwambiri pa chala. Umagunda pa chitseko, pa mphika, pa chitsulo cha mpando wa basi. Anthu amati dayamondi sasweka popeza ndi wolimba kuposa mwala wina uliwonse wachilengedwe, 10 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala. Kulimba kumeneko ndi kosakandika. Ukagundidwa mwamphamvu m'mphepete, mwala umabenthuka, ndipo zikhadabo zagolide zimapindika.

Ine mtima wanga uli pakati, pa 0.7 mpaka 0.9, ndipo pano ndichedwepo. Kusiyana kwa 0.9 ndi karati imodzi ndi mamilimita pafupifupi 0.3. Ikani miyala iwiriyo pa zala za anthu awiri paphwando, palibe adzakuuzeni uti ndi uti. Ndalama zimene mwapulumutsa posadumpha malire a 1.0 zipite ku kadulidwe. Mwa zinthu zinayi zimene GIA, bungwe la ku America loyeza miyala yamtengo wapatali, limayeza, kulemera, mtundu, kuyera m'kati ndi kadulidwe, chomalizachi ndicho chimapangitsa mwala kuthwanima. Kadulidwe kozungulira kamene timakadziwa lero kanachokera pa mawerengero a Marcel Tolkowsky a mu 1919, ndipo mwala wotero umakhala ndi nkhope 57 kapena 58 zobweza kuwala. Pa satifiketi fufuzani mawu oti Excellent (kutanthauza kabwino koposa) pa kadulidwe, kenako werengani mamilimita, osangoyang'ana karati. Wa 0.8 wodulidwa bwino umaposa wa karati wodulidwa mosasamala, ndipo izi ndaziona ndi maso anga pa tebulo la wogulitsa. Pa mtundu simufunika D, imene ili pamwamba pa mndandanda wa D mpaka Z. G kapena H pa chala imaoneka yoyera, ndipo pa golide wachikasu mukhoza kutsika kuposa apo.

Mawonekedwe amasinthanso nkhaniyi. Mwala wotalika ngati dzira umaoneka waukulu kuposa wozungulira wolemera chimodzimodzi, komanso umatalikitsa chala. Miyala yansonga, monga yooneka ngati dontho la madzi, ndiyosavuta kubenthuka kunsongako, ndiye pa mphete ya tsiku lililonse sindiikonda. Amene akufunabe karati yathunthu apemphe kuti mwala uzunguliridwe ndi mkombero wachitsulo m'malo mwa zikhadabo. Umatetezeka m'mphepete ndipo sukodwa pa nsalu. Palinso dayamondi wopangidwa mu labu, amene ndi kaboni yemweyo, wolimba chimodzimodzi, pa mtengo wotsika kwambiri. Amathetsa vuto la ndalama, koma osati la kutalika kwa mwala pa chala.

Chinthu chimodzi chimene amuna ambiri amandiuza chimandipweteka: akuti anamva kuti mphete iyenera kudya malipiro a miyezi iwiri. Lamulo limenelo linachokera ku zotsatsa malonda za kampani ya dayamondi ya De Beers, si mwambo wa makolo a wina aliyense. Achimwene, pali chinkhoswe, pali ukwati, pali nyumba yoti mulowemo.

Kaya mwasankha uti, dziwani kuti dayamondi amakoka mafuta. Migodi ya ku South Africa inkagwiritsa ntchito matebulo opakidwa girisi kulekanitsa dayamondi ndi miyala ina pachifukwa chomwechi. Vaselini ndi mafuta ophikira zimamatira pansi pa mwala, ndipo waukulu umaonetsa chifungacho msanga kuposa waung'ono. Ine Loweruka lililonse ndimaviika yanga m'madzi ofunda okhala ndi sopo wotsukira mbale, n'kuipukuta ndi mswachi wofewa, ndipo kamodzi pa chaka ndimapita nayo kwa wosula kuti akaone ngati zikhadabo zikugwirabe.