Single coil, humbucker kapena za batire zija: mmene khutu langa lasinthira kuno ku Chigwa

Amwene ena amene timaimba nawo ku Nchalo anandifunsa sabata yatha kuti aike ma pikapu anji pa gitala yawo, poti mlamu wawo akutsika kuchokera ku Joni mwezi wamawa nde atha kuwatengera. Pikapu yake osati galimoto yonyamula thonje ku Ngabu ija ayi kkkk, ndikunena timaginito tili pansi pa nsambo tija. Ndinayamba kaye ndaseka, chifukwa akanandifunsa zaka 15 zapitazo ndikanayankha osaganiza n'komwe kuti humbucker yamphamvu basi, zinazo ndi zidole. Lero gitala imene ndimapita nayo ku ukwati ili ndi ma single coil omwe aja ndinkanyoza.

Kwa amene simunatsegulepo, mkatimo mulibe zamatsenga. Ndi maginito ndi kawaya ka kopa kopyapyala ngati tsitsi kozungulizidwa kambirimbiri, masauzande ndithu. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake mu koyilomo mumabadwa kamagetsi kochepa, nde ampu imakakulitsa. Kusiyana konse kumene timakanganirana kuli pa kuchuluka kwa waya, mtundu wa maginito ndi nambala ya ma koyilo, basi: single coil ili ndi koyilo imodzi, humbucker ili ndi awiri.

Gitala yanga yoyamba inali kope ya Stratocaster (Strat mwachidule, gitala ya kampani ya Fender) yogula ku Limbe, ma single coil atatu. Mawu ake anali owala bwino koma ine sindinkamva zimenezo, chimene ndinkamva ndi kung'ung'udza kuja, mmmmm, makamaka ku tchalitchi kwathu ku Bangula tikayatsa jenereta ndi magetsi a machubu aja. Abusa akati tiyeni tipemphere, tchalitchi chonse zii, kumangomveka gitala yanga ikudandaula yokha mu sipika, amayi a kwaya kumandiyang'ana ngati ndine ndikuchita dala. Single coil ndi choncho, imatola chilichonse cha magetsi chili pafupi ngati eriyo, ndipo magetsi athu ndi a 50 Hz nde ndi kulira kumeneko mumamvako. Ukatembenuka pang'ono kumachepa, ukayandikira ampu kumakula. Ndinaphunzira kuima chopendekera ngati munthu wodwala msana.

Vutoli si la ife tokha. Ndi lomwe linachititsa Seth Lover wa ku kampani ya magitala ya Gibson kupanga humbucker mu 1955, ndipo pofika 1957 inali pa gitala yawo ya Les Paul, ma pikapu aja anthu amawatchula PAF chifukwa cha kasitika kolembedwa Patent Applied For kumunsi kwake. Nzeru yake ndi yoti ma koyilo awiri amalumikizidwa motsutsana ndipo maginito nawonso amayang'ana kosiyana, nde phokoso la magetsi limafafanizana lokha pamene mawu a nsambo amaphatikizana. Zotsatira zake ndi bata, komanso mawu onenepa, apakati ambiri, zam'mwamba zochepa.

Nditagwira koyamba gitala ya humbucker ndinamva ngati ndalowa m'nyumba ya fani mwezi wa Okutobala. Palibe mmmm. Noti imodzi ikukhala nthawi yaitali osafa. Nde poti unyamata, sindinaime pamenepo, ndinafuna yamphamvu kwambiri, ya maginito a ceramic, imene ukangokhudza nsambo ampu ikukuwa. Nthawi imeneyo ndinkaweruza pikapu ndi mita, ma ohm akachuluka ndiye kuti ndi yabwino. Single coil ya Strat yachikale imawerenga cha m'ma 6k (ma ohm 6,000), PAF cha m'ma 8k, Super Distortion ya DiMarzio cha m'ma 13k, JB ya Seymour Duncan cha m'ma 16k, ine ndinkangothamangira nambala yaikulu ngati ndikusankha mbuzi pa msika.

Chimene sindinkadziwa ndi chifukwa chimene ma pikapu amphamvuwo anapangidwira. Super Distortion inatuluka mu 1972, nthawi imene oimba rock ankafuna kukankha ma ampu a mavalavu kuti mawu aphwanyike, poti ma ampu ambiri analibe kabatani kophwanyira mawu (gain) ngati a lero. Nde iwe uli pa Dyeratu, gitala walowetsa mu kabokosi ka ma efekiti kenako mu mikisa ya anyamata a PA, palibe valavu olo imodzi, mphamvu yonse ija ikupita kuti? Ikungoyatsa kagetsi kofiira pa mikisa. Mawu amatuluka ngati phala lolimba, ndipo kiyibodi ikalowa ndi bezi, nonse mukulimbirana malo amodzi apakati aja. Ndimakumbuka ukwati wina ku Ngabu ndinkakweza voliyumu, wa kiyibodi naye kukweza, woimba kukuwa, pamapeto gogo wina anabwera kudzafunsa ngati gitala yawonongeka poti sakuimva. Ine ndili pafupi ndi ampu makutu akuwawa.

Kunena chilungamo humbucker ili ndi malo ake. Rizimu ya reggae pa pikapu ya kukhosi imakhala yofunda bwino, solo ya nyimbo zopembedza zapang'onopang'ono zija imayenda ngati mafuta, ndipo ngati bandi yanu gitala ndi imodzi yokha popanda kiyibodi, imadzaza malo. Chimene ndinasiya ndi yamphamvu mopyola ija, osati humbucker yonse.

Kenako kunabwera nyengo ya za batire. EMG, kampani imene inayamba mu 1976, aja akuda opanda timisomali toonekera pamwamba, monga EMG 81 imene oimba metal ngati a Metallica anaitchukitsa. Mkati mwake waya ndi wochepa koma muli ka preamp, kaampu kakang'ono kodya batire ya 9V. Apa ndiyamikire kaye chifukwa kwa ife akuno ali ndi zabwino zenizeni. Ndi achete kuposa onse, jenereta ibangule bwanji. Kebo italike bwanji mawu am'mwamba sathawa, pamene pikapu wamba ukaipatsa kebo yaitali yotchipa ija imayamba kumveka ngati waiphimba bulangete. Thukuta sililowa chifukwa ndi omata. Komanso pa EMG nsambo safuna kuzilumikiza ku ground, nde kumenyedwa shoko pamlomo kuja ukagwira nsambo uku ukuyandikira maiki kumachepa, amene munaimbapo pa mawaya olumikiza mwachidule a m'mashedi a ukwati mukudziwa chimene ndikunena.

Koma batire. Ukaiwala kebo mu gitala usiku wonse ikudyeka, ndipo siifa mwaulemu, imayamba kung'alula mawu pakati pa nyimbo. Inandifera cha kumalire ku Marka, 9 koloko usiku, pitani mukafune batire ya 9V nthawi imeneyo muone, ma grosale onse ali ndi za tochi ndi za wailesi basi. Ndinamaliza pulogalamu ndi gitala yobwereka. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chinandichotsako, ndinayamba kumva kuti kaya ndakanda nsambo mofatsa kaya mwaukali mawu akutuluka pafupifupi chimodzimodzi, osalala ngati simenti. Ena amakonda zimenezo ndipo sindiwatsutsa. Ine dzanja langa ndinkaliona ngati lachotsedwa ntchito.

Chinandibwezera ku single coil ndi sungura. Kuno mukudziwa, phwando silitha bwino popanda sungura ndi rumba, ndipo lidi yake ndi timanoti tating'onoting'ono tothamanga kumunsi kwa khosi, topanda distortion (kuphwanyika kwa mawu kuja), tofunika kuti kalikonse kamveke pakokha ngati mvula pa malata. Pa humbucker yonenepa timanoti timeneti timamatirirana. Tsiku lina ndinafukula kope yanga yakale ija pansi pa bedi, kuika nsambo zatsopano, kuyesa mzere womwewo, aaa, zinangotseguka. Voliyumu yochepa koma ndikumveka pamwamba pa aliyense, chifukwa ndachoka pamalo pamene kiyibodi ndi mawu a anthu akukhala.

Nanga kung'ung'udza kuja? Kulipobe, koma ndinaphunzira kukhala nako. Pa switchi yosankhira ma pikapu ya malo asanu, pa 2 ndi pa 4 ma pikapu awiri amagwira limodzi, ndipo ngati yapakati inakulungidwa chobwerera ndi maginito otembenuza, monga zilili pa magitala ambiri a masiku ano, awiriwo amafafaniza phokoso ngati humbucker. Chosekesa n'choti Stratocaster itatuluka mu 1954 switchi inali ya malo atatu okha, oimba ndi amene ankaikanikiza pakatikati kuti apeze mawu amenewa, Fender inadzaika ya malo asanu mu 1977. Ine pafupifupi pulogalamu yonse ndimakhala pa 2 ndi 4, abusa akayamba pemphero chala chaching'ono chimatsitsa voliyumu, nkhani yatha. Zimene zinkandichititsa manyazi ndili mnyamata yankho lake linali chala chimodzi.

Pena ndimaganiza kuti khutu la munthu wakuno linaleredwa kale ndi valimba. Mvetserani bwino akamaimba, zikho za pansi zija zili ndi kachikopa kopyapyala kamene kamachita zzz pa noti iliyonse, mawu owuma, akuthwa, ofa msanga kuti ena alowe. Ndi zomwe ndimasaka pa gitala panopa. Mwina ndikungodzikometsera, chifukwa palinso nkhani ina yosakoma: munthu akamakula, komanso akaima zaka zambiri pafupi ndi ma simbale ndi ma sipika, mawu am'mwamba ndi amene amayamba kuthawa m'khutu. Nde kutheka kuti chimene ine ndikuti kuwala, mwana wa zaka 18 akumva ngati singano. Mwana wa achemwali anga amene akuphunzira gitala amandiuza choncho, amati ankolo gitala yanu ikubaya, iye akufuna humbucker yamphamvu, ndimangomuyang'ana.

Ndipo si ife tokha timazungulira chonchi. M'zaka za m'ma 1970 anthu ankazula ma PAF akale m'magitala kuti aike amphamvu, m'ma 1980 aliyense ankafuna humbucker pa thupi la Strat potsanzira woimba gitala ya rock Eddie Van Halen, lero ma PAF enieni omwe aja akugulidwa ndalama yoposa njinga yamoto ya kabaza ndipo makampani akupikisana kupanga ofooka ngati akalewo.

P-90 ndingoitchula mwachidule poti ndinaigwirapo kamodzi kokha ku Blantyre. Ndi single coil ya Gibson ya 1946, koyilo yake yaifupi koma yotambalala, mawu ake ali pakati pa ziwirizi, onenepa koma olusa. Ndinaikonda. Koma imang'ung'udza osati masewera, nde pa jenereta zathuzi sindingayerekeze.

Pali china chimene anzathu a kumtunda saganizira kwenikweni, kutentha. Kuno mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ukaimba nyimbo zitatu malaya ali chonyowa, thukuta la mchere likutsikira pa timisomali ta single coil, pakapita miyezi dzimbiri. Dzimbiri la pamwamba silisintha mawu kwenikweni, koma likalowa mkati n'kudya kawaya kaja pikapu imafa. Humbucker yokhala ndi chivindikiro chachitsulo ndi za batire zomata zija zimapirira bwino pamenepa. Ine ndimayenda ndi kansalu, ndikamaliza kupukuta kaye ndisanalandire olo fanta. Ndipo gitala musamailole kukwera pamwamba pa katundu padzuwa mukamakwera zigizagi kupita ku Blantyre, muzikhala nayo pamiyendo olo kondakitala akwiye. Mnzanga wina ku Nsanje gitala yake inamira ndi madzi a Freddy mu 2023, titaiumitsa ma pikapu anadzuka bwinobwino, zimene zinafa ndi ma poti (timabatani ta voliyumu ndi toni tija) ndi switchi, nde musamafulumire kutaya.

Ma pikapu otchipa kwambiri vuto lawo lina ndi loti ena sanamizidwe mu sera, nde waya amanjenjemera mkati, ukakweza voliyumu imalira tswiii ngati maiki. Gogodani pamwamba pake ndi chikhadabo ampu ili yoyaka, ikamveka kwambiri kuti ko ko ko dziwani kuti pa siteji ikuvutitsani. Komanso samalani ndi a feki, dzina lalikulu pamwamba koma mtengo wa thumba limodzi la chimanga, imeneyo ndi dzina lokha.

Nde amwene aja ndinawauza chiyani? Choyamba ndinatenga sikuludiraiva n'kutsitsa ma pikapu awo, anali atawakweza mpaka kutsala pang'ono kukhudza nsambo, ndipo maginito a single coil akayandikira choncho amakoka nsambo, noti imamveka ngati yaledzera ndipo imafa msanga. Tinamata pepala la aluminiyamu mkati mwa bowo ndi kuseri kwa pulasitiki n'kulilumikiza ku ground, kung'ung'udza kwina kunachepa. Atayesa anakhala kaye chete, kenako akuti ndiye ndigulirenji zina. Ndinawauza kuti ngati ndalama ya mlamuyo ikuyabwabe, aitanitse humbucker imodzi yofatsa ya maginito a alnico ya cha m'ma 8k, ya mawaya anayi kuti tizitha kuzimitsa koyilo imodzi, tiike ku buliji (kumene nsambo zimamangidwa pa thupi la gitala), ziwiri zinazo zikhale momwemo. Pulasitiki yakutsogolo tisintha, pa poti ya voliyumu tiona ngati ya 250k imene ilimo ikwanira kapena tiike ya 500k kuti humbucker isamveke yotsekeka. Chenji chonse agule nsambo, mapaketi ambiri momwe angathere, zawozo zinali zakuda bii ndipo akuti anaziika chaka chatha Khirisimasi isanafike.